Mbedza Yopanda Nyambo

Zinayamba ndi tambala wa amai Rhoda. Anatuluka m'khola m'mawa wina khosi lili mbee, nthenga zonyezimila zija zonse zitazulidwa, koma wopanda bala, ngakhale kadontho ka magazi. Amai Rhoda anamugwila, namutembenuza uku ndi uku, nanena kuti mwina ndi utitili. Tsiku lotsatila tambala wa nyumba ina anatuluka chimodzimodzi. Kenako tonde wa kuseli kwa tchalitchi anapezeka ndevu zitametedwa bwinobwino ngati ndi lezala, ndipo ng'ombe ya a Josphat Mumba inadzuka nsonga ya mchila itadulidwa. Wakuba timamudziwa, amanyamula nkhuku yonse. Uyu ankangotenga nthenga n'kusiya nyama, ndipo chimenecho ndicho chinawasowetsa anthu tulo.

Sanavutike n'kufunsana kuti ndani. M'mudzi wonse uja wa ku Kaumbwe, munthu wa ntchito ndi nthenga anali mmodzi yekha, a Lazarous Daka.

A Daka sanali mwana wa pamudzipo. Kwao ndi ku Nyalugwe. Kuno anabwela chikamwini atakwatila Eneless, mlongo wa a Josphat. Mphamvu zao zonse anazithela ku mapili a ku Nyika, akupelekeza alendo owedza tilauti, nsomba ya m'madzi ozizila imene kuno kwathu ingafe dzuwa lisanafike pamutu. Kumeneko anaphunzila kawedzedwe kamene ife mpaka lelo sitikamvetsa. Sukola nyongolotsi, sukola chiwala. Umamanga tinthenga ndi tiubweya pa mbedza ndi ulusi mpaka ifanane ndi kachilombo, n'kumaiponya pamwamba pa madzi kuti nsomba ipusitsike. Maondo atawathela anabwelela kumudzi ndi ndodo yao yaitali yolumikiza ndi chitini cha mbedza. Tilauti kuno kulibe, koma m'damu lakale la kuseli kwa minda ya thonje munali nsomba za kamwa lalikulu zimene mwini famu wakale anaikamo, zimene iwo ankati blakibasi. Ankapita kumeneko okha, madzulo, ng'ombe zitachoka.

Akazi ao ali moyo, palibe amene ankawelengela zimenezi. "Asiyeni atate ake Jennipher," ankatelo mai uja akuseka, "misala yao ndi ya nthenga, siluma munthu." Ndipo iwo akaseka, mudzi unkaseka nao. Maso a amuna ao atayamba kuchita nkhungu, ndi iwo amene anatenga ntchito yomanga mbedza, atakhala pakhonde, ulusi ali nao kumano. Mai uja anamwalila kumapeto kwa nyengo yozizila. Anthu anaika, anameta, anagawana zovala, ndipo a Josphat anawauza alamu ao kuti nkhani ya kukhala kwao pamudzipo aikamba mvula ikagwa. Mkamwini wofedwa amakhala ngati mlendo wodikila kuti amuuze poti agone. A Daka sankafuna zambili. Ankangofuna kuti awasiye m'nyumba imene anaumba njelwa zake okha, pamene akaimilila pansi pa mtengo wa mango ankaona nkhalango ya kumanda. Ku Nyalugwe onse owadziwa anatha kale, ndipo mwana wao Jennipher anali pa banja ku Nyimba, m'chipinda chimodzi cha lendi.

Ndiye taonani pamene nkhani ya atambala inagwela.

Choipa chake n'chakuti a Daka sanazule nthenga ya munthu. Chichokeleni malilo aja sanakhudze ndodo, ngakhale chitini. Analibe nazo mtima. Ankangomva manong'onong'o akamadutsa pa mjigo, amai akutsitsa mau, ana akuitanidwa kuti alowe m'nyumba. Ena ankati akuona nyali m'nyumba mwao anthu onse atagona. Ena ankati nthengazo akusokela ndege ya ufiti yoti azikwela popita kwao. Wina anafika mpaka ponena kuti imfa ya mai uja ayionenso bwino. Aaa, pakamwa pa anthu satopa, amatopa ndi amene akunenedwayo.

Usiku wina wa kutentha kwa Okutobala, a Daka anagona pamphasa pakhomo la chipinda, tulo titakana. Kunja kunali zii, kopanda ngakhale galu. Ndiye anamva nkhuku za kwa amai Rhoda zikudandaula chapansipansi, kooo, kooo, monga zimachitila zikagwilidwa ndi dzanja limene zikulidziwa. Panapita kanthawi. Kenako, m'nyumba mwao momwemo, kuseli kwa khoma, pa thebulo la pabalaza, panamveka kaphokoso kakang'ono kwambili. Tswii. Chete. Tswii. Ulusi ukukokedwa pakati pa mano, n'kukulungidwa, n'kukokedwanso. Phokoso limenelo analimva zaka zambili pakhonde paja, sakanalisokoneza ndi khoswe. Sanadzuke. Anangokoka chitenje n'kufunda kumutu, m'kutentha konse kuja, mpaka kunja kutayela.

M'mawa anatsitsa chitini pamwamba pa kabati. Fumbi linali pachivundikilo monga anachisiyila. Atatsegula anapeza mbedza zatsopano zili ndandanda pamwamba pa zakale, za nthenga zofiila za tambala, za ndevu za tonde, ina ya ubweya wakuda wa mchila wa ng'ombe. Anatenga imodzi n'kupita nayo padzuwa, kuiyandikiza kumaso. Akazi ao anali amanzele, ndipo ankakulunga ulusi chobwelela m'mbuyo, chinthu chimene iwo anayesa kuwaletsa mpaka anagonja. Mbedza zonse zatsopanozo zinali zokulungidwa chobwelela m'mbuyo.

Anakhala pansi. Sanalile, analibe mphamvu yake. Anafufuza pansi pa chitini n'kupeza kapepala ka shuga kopindidwa, mmene munali mbedza imodzi yoyela. Imeneyi ankaidziwa. Mai uja anaimanga ali chigonele, masabata omaliza, ndi imvi zao zomwe atazichotsa pa chipeso. "Zikunyezimila ngati kansomba," anatelo tsikulo, "iyi idzakugwililani yaikulu ija imakuthawani." Tsiku logawa zovala a Josphat anafunsa katatu ngati panatsala kanthu kalikonse ka m'thupi la mlongo wao, pakuti tsitsi la womwalila silisungidwa m'nyumba, limapita naye. A Daka anayankha kuti palibe. Sanali ndi choipa mumtima, anangolephela kuipeleka.

Madzulo a tsiku lomwelo a Josphat anafika. Anakana mpando, naima pafupi ndi nkhokwe, chipewa chili m'manja. Nawonso anali munthu wotopa, amene mudzi unali kumukankha kumbuyo.

"Alamu," anatelo motsitsa mau, "ine zonena anthu sindizikonda. Koma manje zafika pa ng'ombe yanga."

"Sindinakhudze chiweto cha munthu, alamu."

"Nanga nthenga zimapita kuti?"

A Daka anayang'ana pansi. Akanati chiyani? Kuti mlongo wanu amabwela usiku kudzamanga mbedza?

"Anyamata akufuna kubwela ndi moto," anapitiliza a Josphat. "Ine ndawaletsa. Ndati munthuyu amati nthenga n'zowedzela. Chabwino, mailo kukacha tipite ku damu tonse, tikakhale usana wonse, aliyense aone ndi maso. Nsomba ikadya nthenga pamaso pathu, n'kuigwila, n'kuidya ife tonse, ndidzaimilila ndine n'kunena kuti ndi luso chabe, ndipo za atambala tidzafuna kwina. Mukhala m'nyumba yanu mpaka Mulungu adzakuitaneni. Koma mukalephela, alamu, ine pakamwa ndilibe."

"Nsomba ija sidya dzuwa lili pamutu. Ndiponso imaopa phokoso."

"Mwayamba kale kuzemba?"

"Iyai. Tipita."

Anafika ku damu dzuwa litangotuluka, anthu ali pambuyo ngati akupelekeza malilo. Madzi anali ataphwa, matope oyela ang'alukang'aluka m'mbali, mitengo youma itaimilila pakati pa damu. A Daka anapinda thalauzi, nalumikiza ndodo, nalowetsa chingwe m'timphete. Anasankha mbedza yakale, yomanga okha, pakuti zatsopano zija sanafune n'kuzikhudza komwe. Analowa m'madzi mpaka m'maondo n'kuyamba.

Kunena zoona, ngakhale odana nao anakhala chete poyamba. Chingwe chinanyamuka, chinapita kumbuyo, chinabwela kutsogolo, fyuu, fyuu, chikutalika m'mwamba, kenako chinagona pamadzi mwakachetechete, kambedza n'kutela pafupi ndi bango ngati kachilombo kogwa mumtengo. Anakakoka pang'ono, nakasiya, nakakokanso. Palibe chinachitika. Anaponyanso.

"Akuitana mizimu," ananong'ona mai wina. "Mukuona mmene akukupizila? Munthu wowedza amakhala pansi."

Dzuwa linakwela. Nyenje zinayamba kulila m'mitengo, kulila koboola m'makutu kuja. Ana anatopa n'kuyamba kuponya miyala m'madzi, ndipo palibe anawaletsa. Ng'ombe zinabwela kudzamwa, zinavundula matope, zinapita. A Daka anasintha mbedza, anasintha malo, anazungulila kumene kuli mitengo youma, anabwelela ku bango. Kamodzi madzi anatumphuka pafupi ndi mbedza, anthu n'kuimilila, koma nsombayo inangoinunkhiza n'kubwelela. Phewa linayamba kuwotcha. Maondo aja anatupa. Chingwe chinakodwa mu bango, anakachikola, chinakodwanso. Amai Rhoda anawabweletsela madzi akumwa m'kabotolo, koma sanawapatse m'manja, anangoika pamwala n'kubwelela msanga.

Masana anthu ambili anapita kukadya, ena osabwelanso. A Josphat sanasunthe. Anakhala pansi pa mtengo wa mkuyu, chipewa chili kumaso, akuyang'anila pansi pake. A Daka anatuluka m'madzi, nakhala pamatope ouma, miyendo itachita makwinya ngati ya mwana wosambitsidwa nthawi yaitali. Anakumbukila mitsinje ya ku Nyika, nkhungu ya m'mawa, tilauti ikudumpha yokha, alendo akuwaombela m'manja. Kumeneko anali katswili. Kuno anali nkhalamba yomenya madzi ndi ndodo kuti aisiye igone m'nyumba yake.

"Alamu," anaitana a Josphat, "dzuwa likupita."

A Daka anabwelelanso m'madzi. Mbedza zao zonse anali ataziyesa. Anatsegula chitini, nayang'ana zatsopano zija nthawi yaitali, natenga ya nthenga zofiila. Amai Rhoda, amene anali atabwelanso ndi anthu ena dzuwa litapendeka, anaiona ikunyezimila m'mwamba.

"Si tambala wanga uyo?" anafunsa, osati mokweza, koma onse anamva.

Nayonso sinagwile kanthu. Ya ndevu za tonde sinagwile. Ya mchila wa ng'ombe inamila n'kukodwa pa chitsa, chingwe n'kuduka. Mthunzi wa mkuyu unatalika mpaka unafika m'madzi. Mphepo inaleka. Achule anayamba mmodzimmodzi, udzudzu unatuluka, ndipo damu lonse linasanduka lakuda, losalala, kungotsala kamzele kofiila kumadzulo. Anyamata aja anali ataima pa khoma la damu, manja m'matumba. A Josphat anaimilila n'kukutumula fumbi pa thalauzi.

"Kamodzi kokha," anapempha a Daka.

Anawafulatila anthu, natulutsa kapepala ka shuga. Anamanga kambedza koyela kaja ku chingwe. Mumtima ankadziwa kuti akulakwa, koma kutopa kukafika penapake munthu saopanso. Anakupiza chingwe kawili, nachiponya kutali, kumene mtengo waukulu wouma unaima m'madzi akuya. Kambedza koyela kanatela. Kanaoneka bwinobwino mumdima muja, kokha.

Achule onse analeka nthawi imodzi.

Sipanamveke kuphulika kwa madzi kumene blakibasi imachita ikamadya. Madzi anangotseguka pang'ono, mwaulemu, kambedza n'kulowa pansi. Chingwe chinawongoka. Ndodo inapindika mpaka nsonga inakhudza madzi, kagudumu ka chingwe n'kulila, kwiii, anthu pamtunda n'kufuula. A Daka anagwila ndi manja awili. Chinthucho chinakoka kupita kwakuya, chinaima, kenako chinatembenuka. Nsomba yogwidwa imathawa, imadumpha, imafuna chitsa choti idulilepo chingwe. Iyi inali kubwela yokha, pang'onopang'ono, molunjika kwa iwo, mwakuti ankachita kufulumila kukulunga chingwe kuti chisalendewele.

Inafika pamaondo ao n'kugona chammbali. Inali yaikulu kuposa iliyonse imene anaionapo m'damu limenelo, yotalika ngati mkono wao wonse, yakuda pamsana, yoyela kumimba. Anaigwila kukamwa n'kuidzutsa pang'ono. Sinaphiliphithe. Diso lake linali pa iwo.

"Yadya nthenga!" anakuwa mnyamata wina pa khoma. "Mwandi yadya!"

"Bwelani nayo, alamu!" A Josphat anali atatsikila m'mphepete, nsapato zili m'matope, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokeleni malilo nkhope yao inamasuka. "Bwelani nayo kuno! Amai Rhoda, kasonkheni moto. Ndinanena ine, ndinanena kuti ndi luso!"

Nyumba ija anali ataipeza. Panangotsala kuyenda mapazi ochepa n'kuiponya nsombayo pamtunda.

A Daka anasuzumila m'kamwa mwa nsomba kuti achotse mbedza. Sinali pamlomo. Inali itamezedwa, ili mkati kukhosi, tiimvi tokha tikuonekela, tikugwedezeka nsombayo ikamapuma. Anayesa ndi chala, osaifika. Ndiye anaona zimene zikubwela: mpeni wa amai Rhoda ukung'amba mimba pamaso pa mudzi wonse, mbedza ikutuluka, a Josphat akuitenga n'kuiyandikiza ku moto. Munthu sangasokoneze imvi za mlongo wake ndi ndevu za mbuzi. Ndipo ngakhale akanapanda kuzindikila, akanadya. Akanatafuna, n'kugawila ana, nsomba imene yameza tsitsi la mai wa pamudzipo, iwo a Daka ali pompo akuonelela.

Koma si zimenezo zokha, tisanamizane. Nsombayo inali itatsamila pa mwendo wao, phee, ndipo kulemela kwake kunali kofunda. M'madzi ozizila a madzulo aja, inali yofunda.

"Alamu, mukuchedwa chiyani?"

A Daka anawelamila pansi, naluma chingwe ndi mano, nachidula. Kenako anachita zimene manja ao anazolowela zaka zonse za ku mapili, kumene nsomba ukaigwila umaibweza. Anaimiza m'madzi, dzanja lina kumimba, lina kumchila, akuiyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo kuti ipume, akuisisita pamsana ndi chala chachikulu. Milomo yao inagwedezeka. Anatsegula manja.

Anthu a njala, m'mwezi wosowa ndiwo, anaona munthu atagwila ndiwo ya mudzi wonse, akuisisita, akuinong'oneza, n'kuitaya. Mai wina anakoka mwana wake n'kumubisa kumbuyo. Anyamata aja anatsika pa khoma.

A Josphat anakweza dzanja kuwaletsa. Analowa m'madzi ndi nsapato zomwe, nafika pafupi kwambili, mwakuti zimene ananena anamva ndi awili okha.

"Mwati chiyani kwa iyo?"

"Sindinanene kanthu."

"Ndamva ine, alamu. Madzi amanyamula mau." A Josphat anapitiliza, osati ndi ukali. "Zaka zonsezi sindinakumvenipo mukumutchula dzina. Nthawi zonse amake Jennipher, amake Jennipher. Lelo mwati, pita Eneless."

A Daka sanakumbuke kuti ananena. Koma sakanakana.

"Sindikufunsani kuti mwamuchita chiyani mlongo wanga," anatelo a Josphat. "Sindifuna kudziwa, ndatopa. Anyamatawa ndiwagwila mpaka kuche. Dzuwa likamatuluka musapezeke. Mukakwele minibasi pamsewu wa tala, mupite kwa mwana wanu. Makiyi musiye pakhomo."

"Nanga kumanda, alamu? Ndingapite kukatsazika?"

A Josphat anayang'ana m'madzi, pafupi ndi miyendo ya alamu ao, ndipo anabwelela m'mbuyo msangamsanga mpaka anatsala pang'ono kugwa.

"Mukatsazike ndani kumeneko?" anatelo, natuluka m'madzi osacheukanso.

A Daka anayang'ana pansi. Nsomba ija sinapite. Inali pompo, mutu utagunda mwendo wao, ikupuma pang'onopang'ono. Anaikankha ndi phazi, inasuntha pang'ono n'kubwelanso. Anthu anali akuchoka, mwakachetechete, osathamanga, aliyense atagwila wake. Posakhalitsa pa damu panatsala iwo okha, ndodo ili m'manja, chingwe chodukacho chikulendewela.

"Ku Nyimba kulibe damu," anaiuza motsitsa. "Sindingakutenge."

Anaima m'madzimo mpaka mdima unatseka, udzudzu ukuwadya, maondo akuwawa. Kumudzi kunamveka chitseko chikumenyedwa, kenako mau a a Josphat akukalipa, kenako bata. Ankadziwa kuti ayenela kupita kukamanga katundu. Koma nthawi iliyonse akasuntha phazi kulowela kumtunda, chofunda chija chinkatsamilanso pa mwendo wao, ndipo iwo ankaima.